Kompyuta m'kati mwa kompyuta: zoyenera kusankha pokonza virtual machine

Wophunzira zamakompyuta akauzidwa kuti sabata ya mawa ayamba phunziro la Linux, vuto loyamba limene amakumana nalo silikhala la m'buku. Laputopu ali nayo imodzi yokha, kawirikawiri yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndi mmene muli Windows, zolemba zonse za kusukulu ndi zithunzi zimene sangafune kutaya. Kufufuta Windows kuti aikemo Linux n'kuika pachiswe ntchito ya chaka chathunthu, pomwe kugula laputopu yachiwiri ndi nkhani yosayambika. Vuto lofanana ndi limeneli limapezekanso m'maofesi ang'onoang'ono momwe muli pulogalamu yakale yowerengera ndalama imene imakana kuyenda pa Windows yatsopano, chonsecho mbiri yonse ya malonda ili mmenemo.

Njira imene akatswiri amatsata pa zoterezi ndi yokonza kompyuta yongoyerekeza, yomwe pa Chingerezi amati virtual machine, mwachidule VM. Iyi ndi pulogalamu imene imadzionetsa ngati kompyuta yathunthu, yokhala ndi pulosesa, RAM, disiki ndi khadi la netiweki, koma zonsezo zimaonekera m'kawindo kamodzi pa sikirini ya kompyuta yeniyeni. Linux kapena Windows imene yaikidwa mmenemo imayenda ngati ili pa makina akeake. Ikasokonekera, munthu amangofufuta mafayilo ochepa n'kuyambiranso, kompyuta yeniyeniyo ili bwinobwino.

Kompyuta yeniyeniyo amaitcha host, kutanthauza mwini nyumba, ndipo yongoyerekezayo amaitcha guest, kutanthauza mlendo. Mayinawa akulongosola bwino chimene chimachitika. Mlendo sabwera ndi chipinda chake kapena ufa wake. Chilichonse chimene akudya chatapidwa m'nkhokwe ya mwini nyumba, ndipo khomo lililonse limene wapatsidwa kiyi wake akhoza kudutsapo nthawi ina iliyonse. N'chifukwa chake kungodina batani la Next mpaka kumapeto, osasintha kanthu, kumabala madandaulo ambiri. Amene anakonza pulogalamuyo sakudziwa kukula kwa RAM ya laputopu ya munthu, sakudziwa kuti intaneti ndi ya bandulo yogula pa foni, ndiponso sakudziwa kuti magetsi akhoza kuthima ntchito ili pakati.

Nzeruyi si yatsopano. Kampani ya IBM inaiyamba m'zaka za m'ma 1960 pofuna kuti anthu ambiri azigawana kompyuta imodzi yaikulu ndi yodula, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370. Pa makompyuta wamba nzeruyi inafika mu 1999 pomwe kampani ya VMware inatulutsa pulogalamu yake yoyamba. VirtualBox, yomwe ambiri amayambira chifukwa ndi yaulere, inapangidwa ndi kampani ya Innotek ya ku Germany. Sun Microsystems inagula Innotek mu 2008, kenaka Oracle inagula Sun mu 2010, ndipo ndiyo ikuisamalira mpaka lero. Palinso Hyper-V ya Microsoft, yomwe sipezeka pa Windows ya mtundu wa Home, KVM yomwe yakhala m'kati mwa Linux kuyambira mu 2007, ndi VMware Workstation Pro yomwe inasanduka yaulere mu 2024. Mayina a mabatani amasiyana, koma mafunso amene onsewa amafunsa ndi amodzimodzi. Chitsanzo chimene chitsatidwe pano ndi cha VirtualBox 7 pa laputopu ya Windows yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi disiki ya 256 GB, ndipo mlendo wake ndi Ubuntu 24.04, umene ndi mtundu umodzi wa Linux.

Ntchito isanayambe

Choyamba kuchiona chili m'pulosesa. Kuyambira mu 2005 kampani ya Intel inayamba kuika m'mapulosesa ake luso lothandiza makompyuta ongoyerekeza lotchedwa VT-x, ndipo AMD inatsatira mu 2006 ndi lake lotchedwa AMD-V. VirtualBox ya masiku ano siyenda popanda lusoli. Malaputopu ambiri ali nalo, koma pa ena limabwera lozimitsa. Pa Windows, munthu amatsegula Task Manager, kupita pa Performance kenaka pa CPU, n'kuona mzere wolembedwa Virtualization. Ukalembedwa Disabled, pamafunika kuyatsanso laputopu n'kulowa mu BIOS podina batani limene wopanga anasankha: F10 pa HP zambiri, F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad. Mmenemo amayatsa Intel Virtualization Technology, kapena SVM Mode ngati pulosesa ndi ya AMD. Malaputopu ena akale amene anachokera m'makampani akunja amabwera BIOS yake ili yotseka ndi pasiwedi imene wogulitsa naye saidziwa, kotero wogula amene akufuna kuphunzirira ntchito zotere ndi bwino aone zimenezi asanapereke ndalama.

Nthawi zina lusoli limakhala loyatsa koma Windows yalitenga kale kuti igwiritse ntchito pa Hyper-V kapena pa chitetezo chotchedwa Memory integrity. Zikatero VirtualBox imayendabe, koma mozengereza, ndipo pansi pa windo la mlendo pamaoneka kachithunzi ka kamba wobiriwira. Malangizo ambiri amangoti munthu azimitse chitetezocho. Liwiro limabwereradi, koma mtengo wake ndi wakuti kompyuta yeniyeni, momwe muli zinthu zofunika, yachepetsedwa chitetezo pofuna kusangalatsa mlendo. Amene akungophunzira malamulo oyambira a Linux angachite bwino kupirira kambayo.

Chachiwiri ndi fayilo ya ISO, yomwe ili ngati DVD yoikira Ubuntu koma yosungidwa ngati fayilo imodzi. Ya Ubuntu 24.04 ndi yokula pafupifupi 6 GB, ndipo kwa munthu wodalira bandulo imeneyi si nkhani yaing'ono. Ambiri amakopera kwa anzawo pa fulashi, ndipo apa pali misampha iwiri. Fulashi yokonzedwa mwa mtundu wa FAT32 silola fayilo imodzi yoposa 4 GB, ngakhale itakhala ndi malo ambiri; iyenera kukhala ya exFAT kapena NTFS. Msampha wina ndi wakuti fayilo yodutsa m'manja ambiri ikhoza kukhala yoduka kapena yosinthidwa. Opanga Ubuntu amasindikiza pa tsamba lawo nambala yaitali yotchedwa SHA256 ya fayilo iliyonse. Munthu akalemba lamulo la Get-FileHash ndi dzina la fayilo mu PowerShell ya Windows, nambala yotuluka iyenera kufanana ndendende ndi ya pa tsambalo. Kuona zimenezi kumangodya data yochepa kwambiri. Kuti si mwambo chabe zinaoneka pa 20 Febuluwale 2016, pomwe akuba a pa intaneti anathyola tsamba la Linux Mint n'kulozera anthu ku ISO yomwe anaibisiramo khomo lolowera mwachinsinsi. Eni pulogalamuyo anauza onse amene anaitenga tsikulo kuti ayerekeze nambala za mtundu umenewu ndi zolondola.

Kugawa RAM ndi pulosesa

Munthu akadina New mu VirtualBox, amafunsidwa dzina la mlendo, foda yosungiramo ndi malo amene pali ISO. Pulogalamuyo imayesa kuzindikira yokha mtundu wa mlendoyo, ndipo ndi bwino kutsimikiza kuti yazindikira molondola chifukwa zosankha zambiri zobisika zimachokera pamenepo. Chimodzi mwa izo ndi wotchi: Linux imayembekezera kuti wotchi ya makina ili pa nthawi ya UTC pomwe Windows imayembekezera nthawi ya kumaloko, kotero kulakwitsa apa kukhoza kusiyanitsa wotchi ndi maola awiri kuno ku Malawi. Pa tsamba lomwelo VirtualBox 7.0 inabweretsa njira yoti iziika yokha mlendo popanda kufunsa mafunso. Njirayi ndi yachangu, koma mu 7.0 inabwera ndi dzina lakuti vboxuser ndi pasiwedi yakuti changeme zolembedweratu, zomwe aliyense wodziwa pulogalamuyi amazidziwa. Wophunzira amapindula kwambiri akaidumpha njirayi n'kuyankha yekha mafunso onse, popeza kuika Linux ndi mbali ya phunzirolo.

Kenaka pamabwera RAM, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ena mwa kuumira, ena mwa kupatsa mopyola. Kwa Ubuntu, VirtualBox imayamba yasankha 2048 MB, pomwe eni Ubuntu amalimbikitsa 4 GB pa 24.04. Ndi 2 GB mlendo amayaka ndithu, koma akatsegula masamba angapo a intaneti amayamba kukwawa. Komabe RAM imene yaperekedwa kwa mlendo imachoka m'manja mwa mwini nyumba nthawi yonse imene mlendoyo ali woyaka, ndipo Windows 11 payokha imafuna 4 GB. Pa laputopu ya 8 GB, malire anzeru ndi 4096 MB, kapena 3072 MB ngati munthu akufuna kumawerenga zolemba pa Windows nthawi yomweyo. Akapereka 6 GB poganiza kuti mlendo athamanga, Windows imasowa pogwirira n'kuyamba kutaya zinthu zake pa disiki, ndipo popeza mlendoyo akuyenda pamsana pa Windows yomweyo, onse awiri amatsimphina. Kamzere kosankhira RAM kali ndi mbali yobiriwira ndi yofiira pofuna kuchenjeza za zimenezi.

Amene laputopu yake ili ndi 4 GB yokha asataye mtima, koma asinthe mlendo. Lubuntu ndi Xubuntu ndi mitundu yopepuka ya Ubuntu yemweyo, ndipo Ubuntu Server, yomwe ilibe zithunzi koma malo olembapo malamulo okha, imayenda bwino ndi 2 GB. Kwa wofuna kudzagwira ntchito yosamalira maseva, mtundu wopanda zithunziwu ndi umenenso adzakumane nawo kuntchito.

Pulosesa nayo imagawidwa. M'kati mwake muli timagawo togwira ntchito patokha totchedwa ma core, ndipo Task Manager imaonetsa nambala ziwiri: Cores ndi Logical processors. Yofunika ndi yoyambayo. Buku la malangizo la VirtualBox limachenjeza kuti mlendo asapatsidwe mapulosesa oposa ma core enieni, ngakhale kamzere kosankhirako kamalola kupyola. Pa laputopu ya ma core anayi, awiri ndi okwanira. Kupereka onse anayi kumasiya mwini nyumba wopanda manja ogwirira ntchito zimene mlendo yemweyo akudalira, monga kulemba pa disiki.

Zina zimasinthidwa mlendo atapangidwa kale koma asanayatsidwe, pa gawo la Settings. Pa Display, Video Memory ya mlendo wa Linux imayamba ili pa 16 MB. Kuikweza kufika 128 MB kumachotsa mavuto ambiri a sikirini yakuda kapena yophethira. Amene akufuna Windows 11 ngati mlendo ayenera kuyatsa EFI, Secure Boot ndi TPM 2.0 pa gawo la System, zinthu zimene VirtualBox inayamba kuzipereka mokwanira mu Okutobala 2022 pomwe 7.0 inatuluka. Mlendo ameneyu amafuna RAM ya 4 GB, mapulosesa awiri ndi disiki ya 64 GB, komanso laisensi yakeyake, pakuti ya laputopu siwerengedwa kawiri.

Disiki imene ndi fayilo

Disiki ya mlendo ndi fayilo imodzi yaikulu yothera ndi zilembo za VDI, yosungidwa m'foda ya VirtualBox VMs. Pali njira ziwiri zoipangira. Ikachongedwa Pre-allocate Full Size, fayiloyo imatenga malo onse nthawi yomweyo. Ikasiyidwa yosachonga, imayamba ili yaing'ono n'kumakula mlendo akamalembamo, mpaka kufika pa malire amene anaikidwa. Pa laputopu ya 256 GB njira yachiwiriyi ndiyo yoyenera, ndipo imapereka mpata wina: popeza malire sadya malo mpaka atagwiritsidwa ntchito, palibe chifukwa choumirira pa 25 GB imene pulogalamuyo imasankha. Kulemba 40 GB pachiyambi sikutaya kanthu, pomwe kukuza disiki pambuyo pake ndi ntchito ya magawo awiri, kukuza fayilo mu VirtualBox kenaka kukuza magawo a disiki m'kati mwa Ubuntu, ndipo gawo lachiwirili ndi limene ambiri amasokonezapo zinthu.

Fayilo yokula yokhayi ili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa: simadzichepetsa yokha. Mlendo akakopera filimu ya 5 GB n'kuifufuta, fayilo ya VDI imakhalabe yotupa mpaka mwini wake ataifinya ndi lamulo lapadera la VBoxManage. Ndipo disiki yeniyeni ikadzaza mlendo ali pakati polemba, VirtualBox imamuimitsa pomwepo. Kotero malo otsala pa laputopu ndi ofunika kuwaona kawirikawiri. Foda ya mlendo isaikidwenso m'malo amene OneDrive kapena Google Drive imatumiza zinthu pa intaneti yokha, chifukwa fayilo ya ma GB makumi imene ikusintha mphindi iliyonse ikhoza kumaliza bandulo ya mwezi tsiku limodzi.

Makomo a netiweki

RAM ikalakwika, chotsatira chake ndi kuchedwa basi, ndipo munthu amazindikira msanga. Netiweki ikalakwika, palibe chimaoneka, koma pamenepa ndi pomwe pangatayike ndalama kapena mafayilo.

VirtualBox imayamba yasankha njira yotchedwa NAT. Mwa njirayi mlendo amabisala kumbuyo kwa mwini nyumba: amalandira adiresi ya 10.0.2.15, amafika pa intaneti kudzera pa kulumikizana kulikonse kumene laputopu ili nako, kaya Wi-Fi ya ku ofesi kaya hotspot ya foni, koma makompyuta ena sangathe kumuyamba. Kwa anthu ambiri njirayi ndi yokwanira. Njira ya Bridged Adapter imatulutsa mlendo poyera: amalandira adiresi yakeyake kuchokera ku rauta ngati kompyuta ina iliyonse ya m'nyumbamo, amaona anzake ndipo iwonso amamuona. Host-only Adapter imalumikiza mlendo ndi mwini nyumba okha, pa maadiresi oyamba ndi 192.168.56, popanda intaneti. Internal Network imalumikiza alendo okhaokha, mwini nyumba osalowapo, ndipo Not attached ili ngati kompyuta imene chingwe chake chazulidwa.

Kusiyana kwa njirazi kumaoneka bwino pa nkhani ya ofesi ija yokhala ndi pulogalamu yakale. Microsoft inasiya kukonza zibowo za chitetezo mu Windows XP mu Epulo 2014, mu Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Kuika Windows yakale mu VM sikuisandutsa yatsopano. Zibowo zake zonse zimakhalapobe. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo m'zipatala za boma ku England, podumpha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pa chibowo cha njira yogawirana mafayilo mu Windows, popanda munthu kudina kalikonse. Windows 7 yoikidwa pa Bridged Adapter ili poyera chimodzimodzi ngati makompyuta amene anagwidwa nthawi imeneyo. Ngati ntchito yake ndi kungoyendetsa pulogalamu yowerengera ndalama, siifunika intaneti n'komwe, ndipo Not attached kapena Host-only ndiye malo ake.

NAT nayo ili ndi malire amene ambiri sawadziwa. Imatchinga olowa, koma sitchinga wotuluka. Mlendo wa pa NAT akhoza kufika pa makompyuta ena a mu ofesi, pa makina osindikizira ndi pa rauta, monga momwe laputopu yeniyeni ingafikire. Choncho wophunzira zachitetezo cha makompyuta amene akuyesa pulogalamu yokayikitsa, kapena kuyeserera kuthyola mlendo wina wokonzedwa dala kuti akhale wofooka, asadalire NAT. Malo a masewero otere ndi Internal Network, komwe alendo awiri amalimbana okhaokha.

Amene akuphunzira za maseva amafuna kulowa mwa mlendo kuchokera pa Windows, ndipo ambiri amathamangira ku Bridged chifukwa cha ichi. Pali njira yochepa chiopsezo. Pa NAT pomwepo pali batani la Port Forwarding, pomwe munthu amalemba kuti zobwera pa khomo nambala 2222 la laputopu zizipita pa khomo nambala 22 la mlendo, lomwe ndi la SSH. Mpata wa Host IP ulembedwe 127.0.0.1. Ukasiyidwa wopanda kanthu, khomolo limamvera aliyense amene ali pa Wi-Fi imodzi ndi laputopuyo, kaya ndi kusukulu kaya ku malo odyera.

Pali nkhani inanso ya m'thumba. Windows ya pa laputopu ikhoza kuuzidwa kuti intaneti ndi ya bandulo, n'kuchepetsa zimene imakopera yokha. Mlendo uthengawo saumva. Iye amaona khadi la netiweki la chingwe, ngati la mu ofesi momwe intaneti ilibe malire, ndipo akangoyaka amayamba kukopera zatsopano mwakachetechete. Ubuntu ili ndi kabokosi ka Metered connection pa zosankha za netiweki yake, ndipo Windows ya mlendo nayo ili nako. Konseku kayenera kuchongedwa padera. Njira ina yachidule ndi kuchotsa chongi pa Cable Connected mu VirtualBox, n'kumabwezera pokhapokha intaneti ikafunikadi. Izi sizikutanthauza kuti zokonza chitetezo zisamakoperedwe, koma kuti mwini bandulo ndiye azisankha tsiku lake.

Foda yogawana

Ubuntu ikaikidwa n'kuyaka koyamba, imaoneka m'kawindo kakang'ono kosatambasuka bwino. Mankhwala ake ndi Guest Additions, timapulogalamu toikidwa m'kati mwa mlendo kudzera pa Devices, pa mzere wa Insert Guest Additions CD image. Tikaikidwa, sikirini imatsatira kukula kwa windo, ndipo pamatseguka mwayi wogawana mafoda ndi kukopera mawu pakati pa makompyuta awiriwa. Mausi kapena kiyibodi ikagwidwa m'windo la mlendo, batani la Ctrl la kudzanja lamanja ndilo limaimasula. Timapulogalamuti tisasokonezedwe ndi Extension Pack, yomwe ndi yaulere kwa munthu payekha ndi pa maphunziro koma kampani yoigwiritsa ntchito pa malonda imayenera kulipira laisensi kwa Oracle. Kuyambira pa 7.0, mafulashi a USB 2.0 ndi 3.0 amagwira popanda iyo.

Foda yogawana ndi yothandiza kwambiri, ndipo ndi khomo lalikulu kuposa onse. Chilichonse chili m'fodamo mlendo akhoza kuchiwerenga, kuchisintha ndi kuchifufuta. Vayirasi yamtundu wotseka mafayilo n'kumafuna dipo ikalowa mwa mlendo, imatsekanso mafayilo a m'foda yogawanayo, ngakhale kuti mafayilowo ali pa disiki yeniyeni. Munthu amene wagawana disiki yonse ya C kapena foda yonse ya Documents pofuna kuchepetsa ntchito wagwetsa mpanda umene anamangira VM. Choyenera ndi kupanga foda yatsopano yopanda kanthu, yongodutsitsirapo zinthu, ndi kuchonga Read-only ngati mlendo akungofunika kuwerenga. Pa Ubuntu, dzina la wogwiritsa ntchito liyenera kulowetsedwa m'gulu la vboxsf kuti fodayo itseguke. Popanda kutero imaoneka koma imakana. Shared Clipboard imabwera yozimitsa, ndipo kwa mlendo wosadalirika ndi bwino ikhale choncho, popeza pasiwedi ya ku banki yokoperedwa pa Windows ikhoza kuwerengedwa ndi mlendoyo.

Ngakhale makomo onse atatsekedwa, mpanda wa VM ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu imakhala ndi zolakwika. Mu 2015 akatswiri anaulula chibowo chotchedwa VENOM, chomwe chinali m'kagawo koyerekeza makina akale owerengera ma floppy, ndipo chikanalola mlendo kudumphira kwa mwini nyumba. VirtualBox inali m'gulu la mapulogalamu amene anafunika kukonzedwa. Zotere sizichitikachitika, koma ndi chifukwa chokwanira chosasiyira VirtualBox yachikale pa laputopu, komanso chozimitsira zida zimene mlendo sazifuna, monga mawu ndi USB pa seva yongophunzirirapo.

Kubwerera m'mbuyo, ndi magetsi akathima

Mphatso yaikulu ya VM kwa wophunzira ndi snapshot. Munthu akadina Take, VirtualBox imasunga mmene mlendo alili pa mphindi imeneyo, ndipo zosintha zonse zotsatira imazilemba m'fayilo ina yapadera. Akalemba lamulo lolakwika n'kuwononga Ubuntu yense, amadina Restore, zinthu n'kubwerera mwakale m'masekondi ochepa. Nthawi yabwino yotenga snapshot yoyamba ndi pomwe Ubuntu yangoikidwa, yalandira zokonza zake ndi Guest Additions, chifukwa kubwerera pamenepo sikufunanso bandulo ina. Koma Restore imafufutanso ntchito yabwino imene inalembedwa pambuyo pa snapshot, kotero zolemba zofunika zitulutsidwe kaye. Ndiponso snapshot si kope losungira padera: ili pa disiki yomweyo, imadalira fayilo yoyamba ija, ndipo laputopu ikabedwa kapena disiki ikafa zonse zimapitira limodzi. Masnapshot akachuluka amadyanso malo, ndipo ayenera kufufutidwa kudzera mu VirtualBox momwemo, osati pochotsa mafayilo ake m'foda.

Potseka windo la mlendo pamabwera zosankha zitatu. Send the shutdown signal ili ngati kudina batani lozimitsira, mlendo n'kudzitseka mwadongosolo. Save the machine state imalemba zonse za mu RAM pa disiki kuti mlendo adzapitirize pomwe analekera, ndipo ndi yothandiza batire ikatsala pang'ono, ngakhale kuti RAM ndi pulosesa sizisinthika mlendo ali m'tulo totere. Power off the machine ili ngati kuzula pulagi pakhoma, ndipo ikhoza kuwononga mafayilo amene anali pakati polembedwa. Magetsi akathima pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire, mlendo amakumana ndi zomwezo. Pachifukwa ichi kabokosi ka Use Host I/O Cache, komwe kali pa gawo la Storage, n'koyenera kukhala kosachonga pa disiki ya mlendo. Kakachongedwa, mlendo amauzidwa kuti zinthu zalembedwa pomwe zikadali mu RAM ya mwini nyumba kudikira, ndipo magetsi akathima pa mphindi imeneyo zimatayika.

Kope lenileni limapangidwa ndi Export Appliance, yomwe imamanga mlendo yense, disiki pamodzi ndi zosankha zake, m'fayilo imodzi ya OVA yoti isungidwe pa disiki ina yapadera. Fayilo yomweyi ndi njira yabwino yogawirana m'kalasi: mphunzitsi kapena wophunzira mmodzi akakonza mlendo bwinobwino, ena onse amangokopera n'kudina Import Appliance, popanda aliyense kugulanso bandulo ya 6 GB. Wolandira aliyense aonenso RAM ndi mapulosesa malinga ndi laputopu yake, asinthe pasiwedi imene anzake onse akuidziwa, ndipo pa mzere wa MAC Address Policy asankhe kuti makadi a netiweki apatsidwe manambala atsopano, kuti alendo awiri ochokera m'fayilo imodzi asadzalimbirane adiresi akakumana pa rauta ya kusukulu.